K9 si naini kwacha: kalata yotseguka kwa akuluakulu a kuno ku Kasungu

Kwa inu mabwana ndi madona oyang'anira zachitetezo, zaziweto ndi zanyama zakutchire m'boma lathu lino, komanso makhansala ndi mafumu athu nonse,

Zikomo, ndalowa. Ine ndine mlonda wopuma, ndinagwira ulonda zaka 14 pa esiteti ina ya fodya kuno konkuno ndipo zaka 9 mwa zimenezo usiku uliwonse ndinkayenda ndi galu kudzanja. Dzina langa lilibe ntchito. Ndikulemba pa foni ya mwana wanga nde mukaona pena chala chaterereka mundikhululukire, koma nkhaniyi yakhala ikundikanda pakhosi nthawi yaitali ndipo ndaona kuti ndikamangong'ung'udzira pa bawo palibe chimene chisinthe.

Mwezi wathawu kunabwera mayi anga aang'ono kuchokera kwa Chulu, amadzaonetsa maso kuchipatala. Tili chiimire pa depoti kudikira minibasi panadutsa kapikapu koyera, pachitseko atalemba zilembo zikuluzikulu K9, pambali pake chithunzi cha mutu wa galu atayasamula mano onse pamtunda. Mayi aja anayang'anitsitsa, nkundikoka malaya, amvekere, "Iwe mwananga, agaluwa akugulitsa naini kwacha? Tagula awiri, mmodzi ndipite naye kumudzi anyani andithera chimanga." Ndinaseka mpaka misozi, makondakitala nawo anagwa nako kuseka. Koma pobwerera kunyumba ndinadzifunsa kuti kodi mayiwa alakwa chani? Chiyambire 1971 pomwe kwacha inabwera, Mmalawi aliyense akaona K kutsogolo kwa nambala amadziwa kuti umenewo ndi mtengo, kaya pa mulu wa tomato kaya pa thumba la simenti. Palibe anabwerapo kudzawauza kuti kuli K wina amene si wa ndalama. Ndipo kunena mosapsatira, galu amene anali kumbuyo kwa pikapu ija nthiti zake ndinaziwerenga ndili patali, olo naini kwachayo ndikanayamba ndanenerera kaye.

Nde tiyambire pa mawuwo. K9 si mtundu wa galu ayi. Ndibwereze chifukwa anyamata ena a m'mbali mwa msewu wa M1 akudyera anthu pamenepa, kulibe mtundu wa galu wotchedwa K9. Pachizungu pali mawu akuti canine, potchula amati kenaini, ndipo amatanthauza chilichonse chokhudza galu, ngakhale mano athu osongoka ong'ambira nyama aja amawatchula choncho. Tsono chilembo cha K azungu amati kei, nambala 9 amati naini, ukaziphatikiza mofulumira zikumveka kenaini. Basi nkhani yonse ndi imeneyo. Ndi chidule cha khutu, ngati mmene ana athuwa amalembera an2 kutanthauza anthu, zin2 kutanthauza zinthu. Mawu a canine nawonso azungu anachita kubwereka ku Chilatini komwe galu amati canis, ndipo ife a ku Kasungu tisachite nazo chilendo, paja pa Mtunthama pomwepa pali Kamuzu Academy imene Ngwazi inatsegula mu 1981 ndipo Chilatini ana amachiphunzira pamenepo. Ku Italy mu mzinda wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa phiri litaphulika m'chaka cha 79, ofukula anapeza nyumba ina pakhomo pake pali chithunzi cha galu ndi mawu akuti cave canem, kunena kuti chenjera ndi galu. Ndiye zikwangwani za pamageti a ku mayadizi si nzeru yatsopano ayi kkkk.

Chidulechi chinatchuka ndi asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa 13 Malichi 1942 gulu lawo lankhondo linayamba ntchito yophunzitsa agalu, ambiri anali agalu a pakhomo amene anthu wamba ankachita kupereka kudzera ku bungwe la Dogs for Defense, ndipo gululo anthu analitcha K-9 Corps. Mpaka lero kumeneko alipo amene amakumbukira 13 Malichi ngati tsiku la agalu amene anatumikira. Koma kugwiritsa ntchito agalu ku polisi kunayamba kale dzinali lisanabwere, mzinda wa Ghent ku Belgium unali ndi agalu a polisi ophunzitsidwa mwadongosolo kuyambira 1899, chaka chomwecho Mjeremani wina Max von Stephanitz anakhazikitsa mtundu wa German Shepherd umene ife timangoti galu wachizungu wamakutu oimirira. Masiku ano asilikali ambiri akukonda Malinois, galu wa ku Belgium wopepukirapo thupi, ndipo amene anapita ndi asilikali aja ku Pakistan mu 2011 kokagwira Osama bin Laden anali Malinois, dzina lake Cairo.

Ndatchula zonsezi kuti muone chinthu chimodzi, mabwana. Kuyambira pachiyambi K9 ndi dzina la ntchito, ngati kunena kuti namwino kapena dalaivala. Mwana wa dalaivala sabadwa ndi laisensi. Nde munthu akakuonetsani kagalu ka masabata 6 m'katoni ya sopo nkumati ndi mwana wa K9 mtengo wake mbuzi ziwiri, ameneyo akukuberani masanasana. Komanso ntchitoyi si ya galu yekha, ndi ya awiri, galuyo ndi munthu wake woyenda naye, ife pantchito tinkangoti hendila. Mukachotsapo mmodzi palibe K9, pangotsala galu, kapena pangotsala munthu wonyamula tcheni.

Wanga anali wamkazi, wosakaniza, bambo ake German Shepherd mayi ake galu wa pamudzi. Bwana wa esiteti anampatsa dzina lachizungu koma ine ndinkamuitana Tiyese, paja kwathu kuno dzina la galu limakhala ndi uthenga, wina amati Zilipano wina Adaniwa pofuna kulasa oyandikana nawo, ine langalo linali la kwa ine mwini chifukwa poyamba ndinkaopa agalu koopsa. Esiteti inabweretsa mphunzitsi amene anakhala nafe miyezi 3, ndipo amene ankaphunzitsidwa kwambiri ndinali ineyo osati galu. Chinthu choyamba anatilanda zikoti tonse. Anati malipiro a galu ndi mpira, kampira ka tenesi kothaitha, akachita bwino umamponyera asewere pang'ono, ndipo galu amene wapenga ndi mpira adzasaka chinthu mpaka lilime kugwa pansi pongofuna kampira kameneko. Ine ndinkaona ngati zachibwana. Mawu olamulira anandilola kuti ndigwiritse achichewa, khala, saka, bwera, siya, poti galu sadziwa chizungu olo Chichewa, amangogwira kamvekedwe ka mawu ndi mmene wayimira munthu wake.

Chuma cha galu ndi mphuno, osati mano. Akatswiri amati m'mphuno mwa galu timinyewa tomvera fungo timatha kufika 300 miliyoni pomwe ife anthu tili ndi 6 miliyoni kapena kucheperapo. Mukadzamuyang'ana bwino mudzaona timing'alu m'mbali mwa mphuno, mpweya wotuluka umadzera mmenemo kuti usakankhe fungo limene likulowa kutsogolo. Inu mukalowa m'khitchini mumangoti pakununkhira ndiwo, iye amamva payekhapayekha, tomato apa, anyezi apa, mafuta apa, ndi dzanja la amene anadula anyeziyo. Koma ntchito yonunkhizayi imatopetsa, galu wosaka amafunika kupuma pakatha mphindi 20 kapena 30, makamaka kutentha kwa mu Okutobala kuno, poti galu satuluka thukuta ngati ife amadziziziritsa ndi wefuwefu, ndipo galu amene ali wefuwefu sanganunkhize bwino. Phula la masana limamuwotcha mapazi. Izi zonse hendila amayenera kuzidziwa.

Usiku wina mu Disembala mvula itangokata anthu anathyola loko ya sitolo nkuba matumba 6 a feteleza. Ndinamutengera Tiyese pakhomo paja nkumuuza saka. Anazungulira kawiri, nkuyika mphuno pansi, uyo kudutsa kuseri kwa zigafa, kutsika kudambo, ine pambuyo gambutsi zikumira m'matope tochi ili mkamwa. Pena ankataya fungo, nkubwerera, nkuzungulira, ine osamukoka, paja galu wamkota sakandira pachabe. Tinayenda mtunda ndithu mpaka pa chulu china chachikulu, matumba aja atawafotsera ndi udzu, ndipo pomwepo panadzambatuka mnyamata wa zaka ngati 17 amene anzake anamusiya kuti azilondera, nkuliyatsa liwiro. Chingwe chinandipulumuka. Tiyese anauluka, ndipo ndikukuuzani akanamupeza pa ntchafu mwana uja bwenzi pano akutsimphina. Ndinangokuwa kamodzi, siya! Galu anaima ngati wamangidwa mabuleki, mnyamata atagwa chagada patsogolo pake, iye nkukhala pansi kumangomuyang'ana. Sanamukhudze olo ndi dzino limodzi. Mnyamata uja lero ndi bambo wa ana atatu, amagulitsa makala, tikakumana amatsika panjinga kundipatsa moni ndi manja awiri.

Chimene ndinaphunzira usiku umenewo nchakuti galu wophunzira umamudziwira posiya. Kuluma aliyense amaluma, olo galu wa pa dzala. Tsono tabwerani mudzaone zimene zikuchitika m'tauni muno ndi m'ma trading center mwathu. Munthu akangopeza kapikapu, mayunifomu 10 a kaunjika ndi agalu atatu ogula pamsewu, mawa lake walemba K9 pachitseko ndipo mtengo wa ulonda wakwera. Maphunziro a agaluwo mukuwadziwa? Kuwatsekera m'kakhola ka malata kamdima tsiku lonse, kuwamana chakudya ati akakhuta sauwa, kuwathirira tsabola wa kambuzi mu madeya, ena chamba chenicheni, ena mpaka mavu okazinga ati azilusa ngati mavuwo. Ndaziona ndi maso angawa. Galu woleredwa chonchi sakhala wolimba mtima ayi, amakhala wamantha ndi wosokonekera mutu, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mwana, amaluma gogo, amaluma mlonda wake yemwe. Wakuba weniweni amangomuponyera kanyama ka poizoni, galu wanjala salephera kudya, nkhani yatha. Galu wophunzitsidwa bwino sadya chochokera m'dzanja la mlendo.

Chimene chandidzutsa kuti ndilembe ndi mwana wa aneba anga, kamtsikana ka Sitandade 4. M'mawa wina kakupita ku mjigo ndi chidebe kanakumana ndi galu wa kampani ina ya sekyuliti, mlonda akuweruka ku nyumba imene amalondera, tcheni chake chinali cholumikiza ndi waya nde chinangoduka. Galu anakagwira pa katumba. Mlonda uja anakuwa mawu onse amene amawadziwa, galu osamva, mpaka anachita kumumenya ndi mpini wa khasu wa mayi wina kuti asiye. Ine ndinathamangira pomwepo, tinatsuka bala ndi sopo pa mjigo womwewo madzi akuyenderera kwa mphindi 15 monga amanenera azaumoyo, amayi ena akuti tithirepo mchere ena akuti tiwotche ubweya wa galuyo tipake, ine ndinakana. Titapita ku ofesi ya kampaniyo kukafunsa khadi ya katemera wa chiwewe, bwana wake anangoti, "Ameneyu ndi K9, ngophunzira, mwanayo ndiye anamuputa." Khadi osaoneka. Galu woluma munthu amayenera kumangidwa nkumuyang'anira masiku 10 kuti aone ngati ali ndi chiwewe, koma pofika madzulo galuyo anali atasamutsidwa, kaya anapita naye kuti. Banja lija linayamba ulendo wa majakisoni, paja si wa tsiku limodzi, ubwere lero, ubwerenso pakatha masiku 3, ubwerenso pakatha 7, ndipo anagulitsa nkhuku zonse ndi wailesi polipira mayendedwe. Mwana anachira, tikuthokoza Mulungu, koma mpaka pano akamva galu kuuwa amathawira kunsi kwa bedi.

Chiwewe si matenda ochitira nthabwala, mabwana, inu a vetenale mukudziwa kuposa ine. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka munthu sapulumuka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 59,000 amafa nacho padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu khomo ndi khomo mu 2015 potsata mfundo yoti mukatemera agalu 70 mwa 100 alionse matendawa amasowa podumphira. Ngati agalu a pamudzi tikuwathamangitsa kuti abayidwe, zikutheka bwanji kuti galu amene akupangira munthu ndalama usiku uliwonse, woyenda naye pakati pa anthu, akhale wopanda khadi?

Mlonda uja ine sindimuda. Ndi mnyamata wa kumudzi amene anabwera m'tauni kudzasaka ganyu, anamulemba Lolemba, Lachitatu nkumupatsa tcheni kuti gwira uyu ndi K9. Iye mwini amamuopa galuyo. Malipiro ake ndi oti pofika pa 15 atha, nde ndalama ya bonya wa galu imene amapatsidwa, ikapezeka, inu mukuganiza imapita kuti? Ndisaname, nanenso masiku oyamba ndinadyako nyama ya Tiyese, mpaka mphunzitsi uja atandigwira nkundiuza kuti galu akaonda woyamba kuchotsedwa ntchito ndine. Mawa galuyo amupatsa mlonda wina, mkuja wina, pomwe galu wa ntchito amafunika munthu mmodzi womudziwa mpaka kapumidwe kake, womuona m'mawa nkudziwa kuti lero sali bwino.

Nde pempho langa kwa inu ndi loti mawu amenewa akhale ndi mwini. Munthu sangalembe ambulansi pa galimoto yake yonyamulira mbuzi nkumayenda nayo m'tauni, mungamugwire tsiku lomwelo. Chimodzimodzi aliyense wolemba K9 pa galimoto, pa geti kapena pa malaya azikalembetsa agalu ake ku ofesi ya zaziweto, galu aliyense ndi khadi lake la katemera, dzina la hendila wake, ndi kumene anaphunzira. Ndipo mayeso ake si ofuna makina ochokera kunja ayi. Itanani kampaniyo pa bwalo la mpira, munthu avale zodzitetezera athamange, hendila amasule galu, kenako amuuze asiye. Akasiya nkubwerera, apatseni chiphaso. Akapanda kusiya, afufute zilembo ziwirizo pachitseko, alembe kuti agalu olusa, anthu adziwe chimene akulipira. Kamodzi pachaka basi, mwina sabata ya 28 Seputembala pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe, mukabaya agalu a anthu nkuyeseratu awanso. Makhansala, lamulo laling'ono la khonsolo lingathe kugwira ntchito imeneyi, si zofuna kudikira ku Nyumba ya Malamulo. Ndipo pansi pa K9 azilembaponso m'Chichewa kuti galu wa ntchito, mayi anga aang'ono asamapite ndi naini kwacha m'manja.

Sindikunena kuti m'Malawi muno mulibe K9 yeniyeni. Ilipo. Mu 2018 apolisi, Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire pamodzi ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust anakhazikitsa gulu la agalu onunkhiza katundu, amagwira ntchito pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi malo ena, kusaka minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka. Agalu amenewo saluma munthu, akamva fungo m'chikwama amangoima kapena kukhala pansi nkuyang'ana pamenepo, kudikira mpira wawo. Ndipo chilango chake pano si chamasewera, chisinthireni lamulo la zanyama zakutchire mu 2017 munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Anzathu a tsidya lija la Zambia ku Mfuwe, bungwe la Conservation South Luangwa, anayamba ndi agalu otere mu 2014, ndipo mmodzi amene anatchuka kwambiri, Ruger, anali galu wosakaniza mitundu wochita kutoledwa ku Montana ku America. Mwamva? Wotoledwa. Osati wa mbuzi ziwiri.

Tsono ife kuno tili ndi paki ya Kasungu, yachiwiri kukula m'dziko muno, Nyika ndiye woyamba, masikweya kilomita oposa 2,300, mbali yonse ya kumadzulo yagundana ndi Zambia. Njovu zinatsala pang'ono kutheratu mmenemu ndi opha nyama mozemba, mpaka mu 2022 anabweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde. Chakumwera kwathu kuli boda ya Mchinji ndi Mwami, imene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula mu Disembala 2022 kuti zonse zizichitikira pamalo amodzi, mathiraki usana ndi usiku, osawerengera njira zamadulira zimene aliyense wa kuno amazidziwa. Wapolisi wa pa rodibuloko sangamasule matumba 300 a mtedza kufuna mnyanga umodzi, galu angazungulire thiraki yonseyo wapolisiyo asanamalize kuwerenga mapepala a dalaivala. Agemu akapeza misampha ya waya kapena pomwe paphedwa nyama, galu wolondola mapazi angawatsogolere kumene mapaziwo alowera. Nde ngati kuli malo ofunika agalu otere okhazikika, osati ongobwera mwa apo ndi apo, ndi kuno. Ndipo akabwera muziwabweretsako ku masukulu ndi pa misika, ana aone galu akupeza chinthu chobisika m'matumba 10 nkukhala pansi phee, pamenepo ndi pomwe anthu adzamvetse tanthauzo la K9 kuposa kalata yangayi.

Koma apa ndichenjeze, ndipo mundimve bwino. Anthu a m'mphepete mwa paki ali kale ndi mabala mumtima, njovu zawadyera minda, ena ataya abale awo. Ndi anthu omwewo amene kwa zaka zambiri akhala akuloledwa kukatola matondo ndi kuika ming'oma ya njuchi m'pakimo. Mukadzabweretsa agalu nkuyamba kukhwirizira mayi wotola nkhuni, mudzakhala mwaononga zonse, palibe adzakuuzeninso kumene kwabisidwa mfuti ya gogodela. Mantha a galu wa boma si a lero. Agogo athu amene anapita ku Joni kumigodi ankabwera ndi nkhani za apolisi achizungu ndi agalu awo, ndipo ku America komweko kumene chidulechi chinatchuka, mu 1963 mu mzinda wa Birmingham apolisi anakhwirizira agalu anthu akuda amene ankayenda mwamtendere kufuna ufulu wawo, zithunzi zake zinazungulira dziko lonse. Amenewonso ankatchedwa K9. Galu amachita zimene wauzidwa, nde lamulo likhale lomveka pa nthawi imene hendila angamasule galu ndi nthawi imene sangamasule, ndipo galu akaluma munthu pakhale buku lolembamo ndi munthu woyankha.

China, musamapeputse agalu athu a makolo. Ku South Africa anawapatsa dzina lakuti Africanis, kuphatikiza Africa ndi canis yemwe uja wa Chilatini. Ife amene tinakula tikupita ku uzimba tikudziwa mmene galu wa pamudzi amalondolera gwape kapena ntchenzi, osaphunzira sukulu iliyonse. Amapirira dzuwa, amapirira nkhupakupa, pomwe galu wochokera kunja amafuna mankhwala pafupipafupi, ndipo cha ku paki kuno kuli kashembe amene amapereka kaodzera kwa anthu ndi matenda oopsa kwa agalu. Si onse angathe ntchito ayi, mwa ambiri mupezamo mmodzi kapena awiri openga ndi mpira, osaopa phokoso, osaopa anthu. Koma Tiyese theka la magazi ake anali a pamudzi ndipo zaka 9 zonse anadwala kawiri kokha. Yesani, mwina ndalama ya galu mmodzi wa pandege ingaphunzitse anyamata ndi atsikana athu angapo ndi agalu a konkuno.

Galu wa ntchito amakalamba msanga, pofika zaka 9 kapena 10 miyendo yakumbuyo imayamba kukana. Tiyese atafika pamenepo kapitawo wina anati angomuthira mankhwala m'chakudya poti akungodya chabe. Ndinapita kwa bwana mwini nkugwada, ndinati galu ameneyu wakupulumutsirani mabelo angati, ndipatseni ndipite naye. Anandipatsa. Anakhala kwathu chaka ndi miyezi, akugona pansi pa mtengo wa mango, adzukulu anga akumukwera pamsana iye osadandaula, ndipo anafera pomwepo m'mawa wina wa mu Juni kukuzizira. Kampira kake ndikali nako mu sutikesi. Mu lamulo mukalembelo muikemonso kamzere ka zimenezi, kuti galu akapuma ntchito hendila wake ndiye woyamba kufunsidwa ngati akumufuna.

Mukaitanitsa msonkhano wa nkhaniyi ine ndidzabwera, njinga ndili nayo, ndipo alipo anzanga ena awiri opuma amene anagwirapo agalu pa maesiteti, atha kuthandiza pa mayeso a pabwalo aja popanda kufuna alawansi yambiri. Pikapu yoyera ija ndaionanso Lachiwiri lapitali itaima padzuwa pafupi ndi msika, galu yemwe uja ali kumbuyo wopanda madzi, khutu lake lakumanzere lili ndi chilonda ntchentche zili ng'waa. A vetenale, muyambire pamenepo.

Ine wanu,
Mlonda wopuma, Kasungu